Ndawamenya dzanja a Kaputeni

Lachinayi, mwezi wa Juni. Mtima ukadali kuwira.

Tili pamwamba pa mapiri a Bembeke, ine ndikuthandiza a Kaputeni kuyendetsa ndege, injini yakumanzere inazima. Ndege inayamba kukhotera komweko, ine n'kuponda mwamphamvu chopondera chowongolera ndi phazi lamanja kuti iwongoke. A Kaputeni omwewo ndiwo anandiphunzitsa kuti injini yakufa imakhala mbali ya phazi lomwe silikugwira ntchito. Koma lero dzanja lawo linapita kukazimitsa yakumanja, yamoyoyo, m'malo mwa yakufayo. Ndinalimenya.

Tinatera bwino ndi injini imodzi, tonse amoyo. Mawu awo oyamba anali akuti, "Iwe, kwanu mumamenya akuluakulu?"

Ndinapepesa, anthu akuonerera. A Kaputeni ati mu lipoti la mawa za dzanjazo ndisatchule. Ndilemba zonse, ndi dzanja lomwe ndawamenya nalo.