Njere za mbawa zimene ndinatola pa manda anu

Amayi anga,

Kodi kumeneko mukukhalako bwanji? Ife kuno tilipo. Mvula yayamba sabata yatha ndipo tadzala kale chimanga kumunda wa kumtunda. Patha zaka ziwiri kuchokera pamene tinakuperekezani, koma mpaka lero ndikamva nkhani mtima umayamba wanena kuti ndikauze amayi. Ndati ndikhale pansi ndikulembereni chifukwa pali mlandu umene ndinapalamula pamalo panu penipeni, ndipo ndi bwino muumve kwa ine mwiniwake.

Ndiyambe ndi zokoma. Esinati, chitsiriza wanu uja munkati sadzakhwima, ali ndi mwana wamkazi. Anachirira pa kachipatala kathu komwe kaja, koma mutakaona lero simungakazindikire. Padenga anayalapo masola, mkati muli magetsi ndi firiji yosungiramo katemera. Mwanayo tamutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu, ndipo akamva njala ukali wake ndi wanunso, moti Esinati amangoti pepani amayi, n'kumuyamwitsa.

Chaka chimene munatisiya chinali cha chilala, chimanga chinauma chisanabereke. Chotsatiracho tinapezako bwino, ngolo zitatu za chimanga, mtedzanso wokwanira ndiwo ndi mbewu. Mbuzi yanu yakuda ija inaswa awiri, ndipo sinasiye khalidwe lake lolowa m'minda ya eni.

Chimene sichinabwerere ndi kamtsinje ka kumunsi kwa dimba lanu. Kale kankatifikitsa mpaka mvula ina, koma tsopano pofika Ogasiti kamasanduka mchenga wokhawokha. Gulu lathu la amayi linalandira pampu yoyendera dzuwa. Dzuwalo tili nalo lochuluka mpaka kutaya, koma madzi oti pampu ikoke ndiwo palibe. Mukudziwa kuti dimba limenelo ndilo limatidyetsa chilimwe chonse. Likafa, sindidziwa kuti ana ndidzawapatsa chiyani.

Alangizi a zaulimi anatiuza kuti vutoli si lathu lokha. Akuti dziko lonse likutentha chifukwa cha utsi wa m'mafakitale ndi magalimoto, ndipo mayiko akumakumana kupangana zosiya malasha ndi mafuta, kuti mphamvu azitenga ku dzuwa ndi mphepo. Gawo lathu ife, akuti, ndi kubwezera mitengo. Ine ndinaseka, ndinati utsi wa kutsidya kwa nyanja ungadzaumitse kamtsinje ka ku Chadiza? Koma pobwerera ndinadzera kumtsinjeko n'kuyang'ana zitsa. Chitsa chilichonse ndinkachidziwa mwini wake. China n'cha apongozi anu, amuna anga, nthawi imene ankaotcha makala. China n'cha njerwa za nyumba imene ndikulemberamo kalatayi. Kuseka kunathera pomwepo.

Anatipatsa machubu ofeseramo mbande, nati m'mbali mwa mtsinje mumayenera mitengo yathu yachikale monga mbawa. Amayi anasankha ine kuti ndiziyang'anira nazale. Koma njere za mbawa n'kuzipeza kuti? Mungayende kuchokera ku Zemba mpaka ku Zingalume, mbawa yaikulu muipeza kumanda kokha.

Tsopano mlandu uja ndi uwu. Mu Seputembala tinakumangirani chiliza, ndipo tsiku limenelo ifenso amayi tinaloledwa kulowa kumanda kukatula madzi a simenti. Nditagwada pambali panu, ndinaona njere za mbawa zili mbwee pamtumbira, zofiirira, zopyapyala ngati mapiko a ngumbi. Anthu akuimba nyimbo, ine dzanja linali pansi. Ndinamanga mfundo yaikulu pa nsonga ya chitenje. Mwambo ndinkaudziwa bwino, kuti chochokera kumanda sichilowa m'mudzi, kaya ndi nkhuni youma kaya ndi bowa. Ndinangodzinamiza kuti ndikutenga kwa amayi anga, ndipo mwana saba kwa make. Inu munkakonda kundiuza kuti safunsa anadya phula, ndipo ndinadyadi.

Njerezo zinamera pafupifupi zonse. Ndinkazithirira m'mawa uliwonse, n'kuzitchingira ndi minga kuopa mbuzi yanu ija. Kunyada ndiko kunandigwetsa. Tsiku lina pamsonkhano wa gulu aNaphiri, msungichuma wathu, anandifunsa kumene ndinapeza mbewu yabwino chotero, ine n'kuyankha mosabisa. ANaphiri anabweza chubu chimene anali atanyamula, napita kukasamba m'manja. Ena anati sangadye repu womera pamthunzi wa mitengo ya akufa. Ngakhale anzanga a kutchalitchi, amene ndinkayesa kuti andiikira kumbuyo, anangoyang'ana pansi.

Nkhani sinachedwe kufika kwa atsibweni, alongo anu, amene mpaka pano ndiwo amayang'anira manda athu. Anabwera m'mawa pa njinga yawo yopanda mabuleki ija. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, koma anangonjuta pa nazale n'kuyang'ana mbandezo nthawi yaitali.

Kenaka anati, "Iwe Mailesi, ukudziwa chifukwa chake mitengo inatsala kumanda kokha?"

Ndinati, "N'chifukwa choti anthu amaopako, atsibweni."

Iwo anati, "Eya. Lero iwe watola njere. Mawa wina akatola nkhuni, adzati nayenso amake ali momwemo. Mkuja kulowa nkhwangwa. Ukachotsa manthawo, mlongo wanga adzagona padzuwa."

Amayi, ndinachita manyazi kwambiri. Inu ndi alongo anuwo simunkagwirizana pa za chipembedzo, inu kutchalitchi iwo kudambwe, ndipo inenso ndinakula ndikuona malamulo awo ngati zachikale. Koma ine amene ndinakhala pa benchi masiku atatu kuphunzira kusamala chilengedwe, ndine ndinathyola lamulo lokhalo limene latisungira nkhalango.

Ndinafunsa ngati mbandezo tiziotche. Anapukusa mutu, nati, "Mbande zilibe mlandu. Zibwerere kwawo." Atakwera kale njinga anatembenuka, nati, "Koma njere zimene mphepo yaolotsa njira, zagwera kunja kwa manda, zimenezo eni ake apereka okha. Ukatole mpaka msana upweteke."

Loweruka lapitali tinazikweza pa ngolo. Amuna anga ankayendetsa ng'ombe, ine ndikutsatira pambuyo. Nditafika pa kanjira kamene kamazungulira manda ndinaima, popeza panalibe maliro oti andilowetse. Adzukulu, okumba manda aja, ndiwo anazilandira n'kukazidzala mbali ya kumadzulo, kumene moto wolusa unawononga chaka chatha. Atsibweni akuti imodzi anaidzala okha chakumutu kwanu. Ndinalira pang'ono, sindikubisirani. Miyezi itatu ya kuthirira, ndipo mtsinje sunalandireko ngakhale mtengo umodzi.

Ndiye kuti dimba lidikira chaka china. Chilimwe chikubwerachi tidzafukulanso mchenga kufuna madzi, ndipo mbawa ngakhale titadzala, sidzapereka mthunzi msanga. Zimandiwawa, koma sindikwiyira munthu. Pakali pano tafesa misangu ndi mitengo ina yopezeka m'minda, kuti machubu asakhale chabe. ANaphiri ayambanso kubwera ku nazale, ndipo dzulo anandibweretsera nkhwani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, munkatero mukandiona ndikuvundukula mphika nyemba zisanapse.

Choncho ndikupepesa, amayi, chifukwa chokutengerani zinthu pakhomo osaodira. Ndikulonjeza kuti sindidzatulutsanso kanthu kumeneko, ngakhale tsamba. Koma mphepo ya chilimwe ikadzayamba, makoko a mbawa akamadzathetheka, mudzandiona m'mawa uliwonse tsidya lino la kanjira, nditagwira lichero. Sindidzaoloka. Inu muli pafupi ndi mbawa yaikulu ija, ndiye muzidzagwedezako nthambi za mbali yathu ino, kuti mdzukulu wanu adzamwe madzi a mumtsinje wa kwawo.

Ndimakukondani ndipo ndakusowani kwambiri.

Ine mwana wanu,
Mailesi