Mutu Umene Munasankha pa Tsamba Langa

Lachiwiri, 14 Meyi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ndilipo, koma ndisakunamizeni, ndakwiya. Ndakwiya moti dzulo ndinalumikiza mkono wa malaya a munthu chozondoka, ine amene ndakhala pa makina zaka khumi ndi ziwiri. Ndikanakuimbirani, koma pa foni mumandidula mawu, choncho ndatenga cholembera.

Mukudziwa kuti mwezi watha ndinatsegula tsamba langa pa intaneti, ija amati bulogu, loti ndizilembapo za utelala. Nditalemba nkhani ziwiri zokha, nzeru zinandithera. Ndinati mutu umodzi susenza denga, ndipemphe owerenga andithandize kusankha zoti ndizilemba. Ndinawaikira mitu itatu: kuika zipi osakhwinyata, kudula nsalu yoterera, ndi kupirira kasitomala wobwera ndi chithunzi cha diresi loti thupi lake silingalowemo. Pansi pake ndinasiya mpata woti aliyense aonjezere wake. Kenako, mwa uchitsiru wanga, ndinalonjeza kuti mutu wopambana mavoti ndidzaulemba Lachisanu likubwerali, kaya ukhale wotani. Walira mvula walira matope.

Lachitatu kunabwera mutu wachinayi kuchokera kwa munthu wodzitcha "Wakutali". Unati: "Kansingano, tilembereni za tsiku limene munasiya mayi anu okha m'chipatala mpaka kumwalira."

Achemwali, musayerekeze kukana. Dzina la Kansingano anandipatsa ndi mayi ndili mwana, ndipo olidziwa tatsala awiri pansi pano, inu ndi ine. Nkhope munabisa, koma mawu ndi anu.

Anthunso ndi anthu. Za zipi anavotera asanu ndi anayi, za imfa ya mayi anga mazana awiri ndi kanthu. Loweruka mayi wina analowa mushopu ngati wodzayesa siketi. Ndagwada ndikuipinda m'munsi, mapini ali pakamwa, iye n'kuti, "Atelala, ija mulemba liti? Ifetu tavota kale." Ndinatsala pang'ono kumeza pini. Mnzanga wometa tsitsi wa khomo loyandikana anati, "Asisi, ingofufutani, tsamba ndi lanu." Ndifufute bwanji, anthu awerenga kale? Adzangoti ndi zoona, wathawa.

Zaka ziwiri mwakhala mukundiyankha mwachidule, ine n'kumati ndi chisoni. Kani mumasunga mlandu. Bwanji osandifunsa ine, mng'ono wanu, m'malo mokandivula pamaso pa anthu oti mayi sanawaonepo? Chabwino, mwafunsa, ndikuyankhani, koma muno m'kalata.

Pa maliro ndinakuuzani kuti mayi anapita ali m'tulo, ine nditatuluka kukagula sopo. Ndinanama. Masana amenewo mayi anatsegula maso, nandigwira pamkono. Anati, "Muimbire mkulu wako, ndimveko mawu ake." Mu wodi muja foni sinkagwira. Ndinati, "Amayi, sindingakusiyeni chonchi." Iwo anati, "Pita, mwana iwe, usalimbane nane."

Ndinatsika masitepe mpaka poimika magalimoto, pafupi ndi geti, pamene foni inkagwira. Ndinakuimbirani kasanu ndi kawiri. Inkaitana ndithu. Ulendo womaliza munadula, n'kutumiza uthenga woti, "Ndili pa msonkhano, ndiimba madzulo." Uthengawo ndikadali nawo. Nditakwera kubwerera, ndinapeza namwino atatseka kale katani pa bedi la mayi.

Ndiye inde, ndinawasiya okha. Ndinawasiya kukafuna inu.

Mutafika pa maliro ndinaona mmene munagwera pakhomo, nsapato ina itavuka, ndipo ndinati mumtima, uyu akadziwa sadzadzukanso. Bola andide ine kusiyana n'kuti adzide yekha. Ndinasenza, ndipo sindinadandaule. Chimene chikundiwawa lero n'chakuti katundu amene ndinakusenzerani mwamutenga n'kundimenya naye pagulu.

Lachisanu sindilemba zimenezi. Ndidzauza owerenga kuti ndaphwanya lonjezo, anditche wabodza, ofuna kuchoka achoke. Mwina tsambalo lifera pomwepo lisanakwawe n'komwe, ndipo zikundipweteka, chifukwa chinali chinthu choyamba chimene ndinayamba ndekha popanda wondiuza. Koma dzina lanu sindingaliponye kwa anthu ongofuna chowerenga podikira basi. Ndakwiya nanu, koma sindinafike pamenepo.

Mukawerenga musandiimbire msanga. Sindikudziwa ngati ndingayankhe bwino, ndipo sindikufuna kukuchitani zoti ndidzanong'oneze nazo bondo. Dikirani sabata ithe. Kalatayi muimalize muli ndi alamu pafupi, musakhale nokha.

Mundiperekere moni kwa alamuwo. Ana muwauze kuti mayunifolomu awo ndawamaliza, ndipo ndasiya nsalu yokwanira m'mipendero chifukwa ndikudziwa akukula. Inuyo mudzisamalire, muzidya, ngakhale chakudya chikane kulowa. Namwino uja anandiuza kuti mayi sanavutike. Anangoyang'ana kukhomo, n'kumufunsa kawiri kuti, "Wayankha?" Iye anawauza kuti inde, mwayankha, foni ikubwera. Anapita akukhulupirira zimenezo.

Ine mng'ono wanu,
wokwiya, koma wanu ndithu.