Wodwala Wanga wa pa Sofa

9 Okutobala

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo bondo lija lakupatsaniko mpata. Ife kuno tadzuka. Mdzukulu wanu wayamba kuyenda, moti mabuku anga onse ndawasamutsira pamwamba pa kabati.

Munafunsa za sukulu. M'mawa ndimakhala m'mawodi a kuchipatala kutsatira aphunzitsi, masana m'kalasi, pomwe mayeso opezera chilolezo cha udokotala ali mwezi wamawa. Ndikudziwa munena kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma palibe chimene ndingasiye pa ziwirizi. Amayi akanapanda kubwera kudzandilerera mwana, bwenzi nditapenga. Komabe ndikusangalala, Bambo, ntchitoyi ndikuikonda.

Pa mayesowo pali gawo lina loti umalowa m'chipinda n'kupeza munthu woyerekezera kudwala, iwe n'kumufunsa mafunso ndi kumuyeza, akuluakulu akukuyang'ana. Ndiye ndinapempha Amayi kuti ndikaweruka azikhala wodwala wanga. Mukuwadziwa akazi anu! Ankagona pa sofa n'kubuula mpaka a nyumba yoyandikana nafe anabwera kudzazonda. Tsiku lina anali mayi woyembekezera, pa msinkhu wawowo. Tinaseka mpaka misozi.

Koma kenaka wodwala wawo anasiya kusintha. Tsiku ndi tsiku yemweyo: mayi wina amene amabanika pokwera masitepe, mapazi amatupa madzulo, ndipo sagona popanda mapilo ambiri. Ine ndinkangoyankha modzitama, "Umenewo ndi mtima!" Iwo amvekere, "Wakhoza, dokotala," n'kudzuka kukasambitsa mwana.

Lachiwiri m'mawa, ndikusesa kuchipinda kwawo, ndinapeza makushoni a pabalaza ataunjikidwa kumutu kwa bedi. Nsapato munawagulira zija anaziponda kuchidendene chifukwa sizikulowanso. Ndinangokhala pansi, tsache lili m'manja.

Nditawapeza kukhitchini ndinati, "Amayi, mayi wa masitepe uja ndani?"

"Iwe, si zopeka zomwe unandipempha?"

"Tavulani masokosiwo."

Nditadina pamwendo ndi chala, panatsala kadzenje. Apo m'pamene anati, "Ndimafuna ulembe kaye mayeso, mwanawe. Ndimati ukazindikira wekha ndiye kuti sukulu yalowa. Ukapanda kuzindikira, ndidikira."

Manyazi anandigwira, mantha nawonso. Tsiku limenelo sindinalowe m'kalasi, ndinawatengera kwa aphunzitsi anga a matenda a mtima. Musade nkhawa: mtima wafookako ndithu, koma tautulukira msanga, ndipo mankhwala akugwira ntchito. Mapazi aphwa. Dzulo Amayi anakwera masitepe ali patsogolo, akundinena kuti ndimayenda ngati nkhalamba. Chomwe tikukanganirana pano ndi mchere basi. Zimene ndinaphonya kusukulu mnzanga wandifotokozera, ndipo funso la mtima likadzabwera pa mayeso, lidzandipeza ndili chire.

Tsono pempho langa ndi ili. Amayi mukuwayembekezera kumapeto kwa mwezi uno, koma ndikupempha kuti akhale kuno mpaka aphunzitsi atawaonanso. Mwinanso mungobwera inuyo. Malo ogona alipo, ndipo ine ndikusowa wodwala wa bondo.

Amayi anandiletsa kukuuzani zonsezi, ati mukamva musiya kudya. Ndawalakwira dala, ndipo chifukwa chake nachi. Pa mafunso amene timafunsa odwala, lomaliza limakhala lakuti, "Kunyumba alipo wokusamalirani?" Masiku onse aja, mayi wa masitepe ankayankha mofanana: "Alipo, wabwino zedi, kungoti sakudziwa."

Tsopano mwadziwa, Bambo.

Mkamwini wanu akupereka moni. Mundiperekere moni kwa mng'ono wanga, mumuuze kuti ndamusowa. Amayi akuti musamadumphitse mankhwala a bondo, komanso mukafuna jekete yanu yakuda, ili m'sutikesi ya pansi pa bedi, pamodzi ndi malaya a paulendo. Sindinawafunse chifukwa chake atchula za ulendo.

Ndine mwana wanu wachisamba,
Dokotala wa mawa