Imfa ya a Telala pa Tsamba 12

Lolemba, 3 Malichi

Msonkhano ku ofesi ya filimu. Kachipewa, dailekitala wathu, akufuna ndiphe a Telala pa tsamba 12. Akuti akalamba, akuiwala mawu, akutidyera nthawi. "Iwagunde galimoto, tithane nazo." Munthu wosatha kulemba ngakhale kalata yachikondi, lero akundiphunzitsa kupha. Ndangoti ndamva.

Lachiwiri, 4 Malichi

Sindinalembe kanthu. Ndafukula m'katoni nkhani ya filimu yanga yoyamba. Mapepala achita chikasu. Chinali chaka chimene ndinasiya yunivesite, anzanga akuyesa mikanjo, ine ndikugogoda m'maofesi ndi envulopu. Palibe anaitsegula. A Telala okha. Anawerenga yonse atakhala pa masitepe a holo, pensulo kukhutu, nkuseka kaphwete. "Mwana wanga, anthu sayankhula chonchi. Dula theka." Ndinawada sabata yathunthu. Kenaka ndinadula.

Dzina la Telala analitengera m'filimu imeneyo. Ngakhale batani sanasokepo.

Kamera imodzi, nyale yobwereka, tonse kukankha minibasi m'matope. Koma tinkaseka.

Lachisanu, 7 Malichi

Kujambula. Chiganizo chimodzi, kubwereza maulendo khumi ndi anayi. Ndinawalembera mawuwo pa katoni, zilembo zazikulu ngati chibakera, nkuimika kuseri kwa kamera. Maso sakufikako. Amayi odzola anthu nkhope kungoyang'ana pansi. Kachipewa kuyang'ana wotchi yake yonyezimira ija. Munthu amene kale ankaloweza tsamba lonse akumanga nsapato!

Lamlungu, 9 Malichi

Ndaipeza njira. M'nkhanimo adwale, pakamwa patsekeke. Akhalemo mpaka kumapeto, osayankhula. Masamba makumi anayi ndakonza. Digiri ndilibe, koma a madigiriwo abwere ayese.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndinapita kwa a Telala. Chipinda chomwe chija, mpando wothyoka mkono, chithunzi chathu pakhoma, ine ndili woonda ngati ndodo. Anawerenga ndi galasi lokuza zilembo, pang'onopang'ono. Tiyi wanga anazizira.

"Ndiye ukufuna undisandutse kabati? Anthu azindizungulira?" Anandibwezera mapepala. "Ndiphe, mwana wanga. Koma undiphe bwino. Za galimoto ayi."

Pakhomo anandipatsa pensulo. Akuti sakuonanso polemba. Ndinabwerera wapansi, ndikutukwana aliyense wondiimbira belu la njinga.

Loweruka, 15 Malichi

Tsamba 12. Ali pa makina osokera, akumaliza diresi la mwana wawo wamkazi. Phazi lingoleka kupalasa. Kachipewa wavomera, akuti nzosavuta kujambula. Chitsiru.

Mawu awo omaliza ndinalemba mizere isanu ndi umodzi. Ndadula, ndadulanso. Atsala mawu anayi. Amenewa sangawaiwale.

Masana ndawaimbira foni, ndawawerengera. Kenaka kaphwete kaja ka pa masitepe.

"Dula theka."

Pensulo ili m'manja. Koma mawu awiri ake ati, ada inu?