Injini Munaisambitsa Ija Yakana Kulira

Bambo a ana,

Ndili pakati pochapa, aphunzitsi aimba foni kuti mzime wathu wagwa pamasitepe kusukulu. Akuti mkono watupa moti sakulola munthu kuukhudza. Ndathamangira kugalimoto, koma yakana kulira. Injini ikuzungulira bwinobwino, kungoti sikugwira moto.

Musayambe kunamizira batire. Magetsi akuwala, hutala ikulira. Mafutanso alimo, ndaigwedeza ndawamva. Nditatsegula boneti ndapeza madzi ali tho m'mabowo a mapulagi. Paja dzulo munaisambitsa injiniyo ndi paipi ngati khanda, ine pokuletsani munati ndiziyang'ana za mapoto.

Boneti ndaisiya yotsegula kuti dzuwa liwombemo. Mukafika, zulani nthambo za mapulagi imodziimodzi kuti musazisokoneze, mupukute ndi nsanza youma. Musalimbane ndi kiyi, mungaphe batire n'kutiwonjezera maliro.

Ine ndikukakwera basi. Pepani, sindinaphike, ndipo zovala zili m'besenizo n'zosatsukuluza. Mutipeze kuchipatala. Pobwerera kunyumba, mwana wovulala mkono sindingamukweze basi yothithikana, ndiye galimotoyo ilire ndithu, ngakhale muiumitse ndi malaya mwavalawo.

Ndine,
Mayi a ana