Juzi yofiira pamzere wa mapulaimale

Amayi, mukudzuka bwanji kumeneko?

Ine kuno ku Dubai ndilipo, ndikulerabe ana a Madamu. Chiyambireni mliriwu pageti sindituluka, ngakhale kupita kutchalitchi. Kumudzi mkazi wa mchimwene wanga Yohane wachira, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Mtedza anakolola bwino, kungoti denga la khitchini linagwa ndi mphepo.

Yandisowetsa mtendere ndi iyi. Phungu wathu uja anamwalira ndi matenda omwe anakutengani inuwa, ndiye chipani chanu chinachititsa mapulaimale pabwalo la sukulu. Mukudziwa mmene zimakhalira, aliyense amaima kumbuyo kwa munthu amene akumufuna, n'kuwerengedwa. Yohane ananditumizira vidiyo pafoni. Mzere wa mnyamata wina wa m'tauni unakafika mpaka kumjigo, achinyamata okhaokha, akabaza ndi atsikana obereka ana. Wa aphunzitsi opuma aja, amene inu munkawafera, unali waufupi momvetsa chisoni. Akanaimapo ndani, poti anzanu ambiri muli nawo kumeneko? Anapambana ndi mnyamatayo.

Koma Amayi, kumapeto kwa mzere waufupiwo kwaima mayi wovala juzi yofiira, ija ndinakutumizirani nditangofika kuno. Nkhope sikuoneka, amujambula chakumbuyo. Dzanja lili m'chiuno, phazi lamanzere lopendekeka, ndendende mmene munkaimira kuchigayo. Ndamufunsa Yohane, akuti munthu wotero sanamuone, ndipo juziyo anakuikani nayo m'bokosi. Akuti ndi maganizo chabe.

Mwina akunena zoona. Paja munkati wosaponya dothi m'manda salekana nawo maliro. Ine pamaliro anu sindinafike, ndege zinali zitaima. Ndinakulirani m'bafa nditatsegula madzi kuti ana a eni asamve, kenako ndinasukusula n'kukawapatsa chakudya.

Madamu akufuna ndisaine kontirakiti ina ya zaka ziwiri. Dzulo ndawakanira. Anangoti “khalas,” kutanthauza kuti zatha, n'kumenyetsa chitseko. Ntchito ndiye yatha, ndipo chimene ndikagwire kumudziko sindikuchidziwa. Koma ndikuchita mantha, Amayi, kuti mukuyendayenda chifukwa mwana wanu sanakutsanzikeni.

Ndikulonjeza kuti mvula isanagwe ndifika, ndidzagwada pamanda anu, ndidzalira mokweza anthu onse akumva. Pakali pano, ngati munali inudi, chokani padzuwapo mukapume. Anamaliza kuwerenga, ndipo inu sanakuwerengeni.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati