Tsekwe wa Pakona ndi Kamera ya Alamu

Lolemba, 3 Malichi

Adokotala anati ndiziyenda m'mawa, magazi asamathamange. Ndiye ndi ine uyo pamlatho wa matabwa, kudambo lotetezedwa lija. Lero pakona, pomwe bango lawirira, ndaona tsekwe atakhalira mazira. Iye kundiyang'ana, ine phee. Mtima wanga unakhala m'malo.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndawauza alamu, ang'ono awo a bambo a kunyumba, aja sasiyana ndi kamera. Ndawachenjeza kuti azionera patali. Akuti, "Alamu, ine mbalame ndimazidziwa."

Lachinayi, 6 Malichi

Amazidziwadi! Atsika pamlatho, adula bango lonse la kutsogolo kwa chisa kuti chithunzi chioneke bwino. Chisa chili pambalambanda. Nsapato zawo zadinda matope mpaka pomwepo. Akhwangwala awiri atera pachikwangwani choletsa anthu kutsika pamlatho, akungodikira.

Ndawaimbira foni alamuwo. Akuti, "Bango limaphukanso, alamu." Nanga mazira amaphukanso?

Mlonda wa dambo wangopukusa mutu. Akuti ndisayerekeze kutsika kukatchinga, tsekwe angathawiretu chisa. Pakamwa panga ine, pakamwa panga!

Lachisanu, 7 Malichi

M'mawa wonse pamlatho, kuingitsa akhwangwala ndi ambulera. Othamanga kundilambalala ngati wamisala. Mayi wina wakoka mwana wake. Dzuwa litakula chizungulire chandibweza kunyumba.

Loweruka, 8 Malichi

Zigoba zokhazokha. Tsekwe akungozungulira pamadzi, akulira.

Madzulo alamu aponya chithunzi pagulu la banja pafoni. Tsekwe pamazira ake, chooneka bwino zedi. Azakhali akuti mwanayu ali ndi luso. Bambo akuti, "Ndi mbalame chabe, mayi, magazi akwera." Akwera kale. Ndakwiya mpaka chakudya chandikanika.

Lamulungu, 9 Malichi

Sindinapite.

Lachiwiri, 25 Malichi

Ndabwererako lero, mankhwala okha sakuthandiza. Pakona ndadutsa osayang'ana. Kutsogolo, kuseri kwa gumbwa komwe anthu safikako kawirikawiri, khosi lasuzumira n'kubisalanso. Tsekwe. Kaya ndi yemwe uja kaya wina, koma wakhala ngati wokhalira mazira. Ndinayang'ana kumbali msanga, ngati ndikuba.

Pobwerera, pachipata, alamu ndi kamera pakhosi. Chichitikire zija sitinalankhulane. Avula chipewa.

"Alamu, mwadzuka bwanji? Zija zinalakwika, pepani." Kenako maso kudambo. "Lero mwaonako chiyani?"

Ndinawayang'ana. M'thumba la jekete yawo munatulukira zogwirira za sizasi.

"Palibe, alamu," ndinatero. "Achule okhaokha."

Ndinawaperekeza ndekha njira ya kumanzere, kutali ndi tsekwe uja, kokaona achulewo.